Maso a Bep

Hammerfest, Norway
14 Epulo 1996

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumudziko? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kulibe chisoni. Epulo uno chipale chofewa chikadali cha m'mawondo, koma eni dziko akuti chaka chino kwafunda. Kuchipatala komwe ndikugwira ntchito ya unamwino andiika ku chipinda cha okalamba. Chilankhulo chawo ndikuchithyolathyola, agogo akuno amangoseka n'kunditambasulira mkono kuti ndiwabaye.

Dzana ndinakuimbirani foni kawiri, simunayankhe. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa kuti makutu anuwo anatha ndi phokoso la nkhumba zaka makumi anayi zija. Tizingolemberana makalata. Achimwene Sjef sindingawadalire, moyo wawo uli mu lole pa msewu wa ku Spain.

Bep wanga ali bwanji? Ndikudziwa kuti munamulandira monyinyirika, ndipo ndinakumvani mukung'ung'udza kuti mwana wanu sukulu yamuzunguza mutu mpaka akukhala ndi nkhumba pabalaza. Komabe munamulandira, zikomo. Ndi chaka chimodzi chokha, Bambo.

Ndibwereze zija ndinamata pa chitseko cha kabati. Bep si nkhumba ya m'khola ngati zija munkagulitsa. Mtundu wake ndi waung'ono, wa ku Vietnam, ndipo mimba yolendewerayo ndi chibadwa chake. Chakudya ndi kapu imodzi m'mawa, kapu imodzi madzulo, ya m'thumba lija ndinasiya, kuwonjezera masamba ndi karoti. Akalira musiyeni alire, ndi wabodza ameneyo. Ndinamusiya akulemera makilogalamu 46, ndidzamupeze choncho.

Chinanso ndi maso. Timaso taketo n'tolowa m'kati, timachita misozi ndi manthongo. M'mawa uliwonse muzimupukuta ndi kansalu konyika m'madzi ofunda. Mukamukanda pamimba amadzigwetsa yekha cham'mbali, ntchito yake ndi ya mphindi imodzi. Nkhumba za mtundu umenewu zikanenepa, mafuta a pamphumi amatsika n'kuphimba maso. Dokotala wa ziweto wa ku Eindhoven anandichenjeza zimenezi kawiri konse.

Mundilembere, ngakhale mizere itatu.

Ndine mwana wanu,
Willeke


Boekel
19 Meyi 1996

Willeke mwana wanga,

Kalata yako ndinalandira. Ine ndili bwino, bondo lokhali ndi lomwe limandiuza kukamabwera mvula. Kumanda kwa amayi ako ndinapitako, ndinabzalapo maluwa ofiira aja ankawakonda.

Za nkhumba yako usade nkhawa. Ukundiphunzitsa kuweta nkhumba ine? Ndinayamba kunyamula ndowa ya madeya amayi ako akadali pasukulu. Makola aja kuseli akhala opanda kanthu zaka zinayi zokha, manja anga sanaiwale.

Koma ndikuuze zoona, unandisiyira chinthu chochititsa manyazi. Tsiku loyamba ndinaiika dzanja pamsana, ndinakhudza fupa. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi kunabwera Driek kudzamwa khofi. Ukumukumbuka Driek, uja ankatiphera nkhumba Novembala aliyense, iwe n'kumathawira kuchipinda utatseka makutu. Anaiyang'ana n'kunena kuti, "Rinus, wayamba kuweta agalu tsopano? Kapena mukudyera mbale imodzi, iwe n'kumaiposa liwiro?" Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Pakhomo la Van Gompel sipanagonepo nkhumba yowonda, ngakhale nthawi ya nkhondo.

Ndiye kapu yako ija ndikupereka ndithu, koma ndikuwonjezerako pang'ono. Mbatata zophika, buledi wogona amene amandisungira kophika buledi, ndi mkaka wosasa. Imadya mokondweretsa, Willeke. Ndinali nditaiwala kukoma kwake kwa kumva nkhumba ikudya m'mawa. Imanditsatira ponseponse, ndikamakatenga nyuzipepala ku geti ili pambuyo panga.

Maso ndimapukuta ndikakumbukira. Nkhumba imayendera mphuno, maso ndi okongoletsa nkhope chabe.

Bambo ako,
Rinus


Hammerfest
2 Juni 1996

Bambo,

Ndakondwa kuti muli bwino, ndi kuti Bep akukuchotsani kusungulumwa. Koma kalata yanu yandidetsa nkhawa.

Chonde siyani mbatata, buledi ndi mkaka. Lero lomwe. Nkhumba zanu zija munkazinenepetsa miyezi isanu ndi umodzi n'kuzikweza lole, panalibe yomwe inkakhala nthawi yoti mafuta aivute. Bep ali ndi zaka zitatu, ndipo akhoza kukhala zina khumi ndi ziwiri. Fupa munalikhudzalo ndi pomwe limayenera kukhala. A Driek aseke mmene angathere, nkhumba si yawo.

Sikelo yanu yakale ija ikadali m'khola loyamba. Mumukwezepo mundiuze nambala yake. Munditumizirenso chithunzi cha nkhope yake, chapafupi, ndione maso.

Willeke wanu


Boekel
18 Ogasiti 1996

Willeke,

Makalata ako atatu onse anafika, sikuti anasochera. Ndinatanganidwa ndi kudimba. Kwatentha kwambiri kuno, nyemba zapserera.

Sikelo inachita dzimbiri. Kamera sindikudziwa komwe amayi ako anaiika.

Nkhumba ili bwino, msana wake tsopano ndi woti munthu n'kuikapo kapu ya khofi osatayika. Yangoyamba ulesi. Ku geti siikundiperekezanso, imagona pakhonde tsiku lonse. Dzulo inagunda wilibala yomwe inali poyera, ndinaiseka kuti yaledzera. Kutenthaku n'komwe kukuichititsa.

Usamangolemba za nkhumba. Iwe ukudya? Akuti kumeneko nsomba m'mawa, nsomba madzulo.

Bambo ako


Pafupi ndi Perpignan, France
22 Seputembala 1996

Mlongo wanga Willeke,

Moni wochokera mu lole yodzaza matimati. Ndikulembera pa chiwongolero, ndiye usandinene za zilembo. Uli bwanji kwa anthu odya nsombawo?

Ndili ndi ulusi unayi pa katumba, mphatso yochokera kwa mwana wako Bep. Lamlungu lapitali ndinadzera kumudzi. Ndinamupeza atagona pakhonde, ndinati ndimusisite ngati kale. Sindinafike n'komugwira komwe. Anadzambatuka n'kundiluma mwendo ngati galu wachiwewe, kenaka anathawa n'kukadziwombetsa ku khoma.

Willeke, amene uja si Bep unamusiya. Ndi mgolo wa miyendo inayi, mimba ikukwekwereza pansi. Maso ndinawafunafuna osawaona. Mphumi yatsika n'kukumana ndi masaya, patsala kamzere chabe, ndipo m'kamzeremo mukutuluka zinthu zachikasu zomwe zauma mpaka kukamwa. Ntchentche zili pomwepo. Nkhumba yako siikuona, ndipo ikumva kuwawa. N'chifukwa chake ikuluma aliyense woidzidzimutsa.

Ndinawafunsa Bambo kuti zinayamba liti. Akuti, "Ndi chimfine cha m'maso, chitha chokha."

Ndinati, "Chimfine chanji chotseka maso ndi mafuta? Mwainenepetsa ngati ya pa Khirisimasi."

Akuti, "Iwe ukudziwa chiyani za nkhumba? Unathawa khola uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ukuti likununkha."

Apa mtima unandipsa, mwendo ukuchucha magazi mu nsapato. Ndinawauza kuti nkhumba yakhungu yoluma anthu mankhwala ake ndi amodzi, iwo akuwadziwa kuposa ine, aitane Driek zithe. Ananditengera jekete langa, n'kunditsegulira chitseko. Ngakhale khofi sindinamwe.

Ndikudziwa kuti undida chifukwa cha mawu amenewa, koma ukanamuona ukanalira. Chita kanthu msanga, ine sandimveranso.

Mlongo wako,
Sjef


Hammerfest
29 Seputembala 1996

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Achimwene andilembera zonse.

Sindikalipa. Ndikupemphani chinthu chimodzi. Kuseli kwa pepalali ndalemba dzina ndi adiresi ya dokotala wa ku Eindhoven amene amamudziwa Bep kuyambira ali kamwana. Mupite naye sabata ino. Osati ikubwerayi, ino. Ine ndine namwino, Bambo, ndikudziwa zomwe diso limachita likakhala m'mafinya milungu yambiri. Limachita chilonda, chilonda chimasanduka chipsera choyera, ndipo zikafika pamenepo palibenso dokotala angalibweze. Tsiku lililonse mukuzengereza likumudyera diso.

Zimene ananena achimwene zoitana a Driek musazimvere. Anali ndi ukali wa bala. Bep saluma chifukwa cha nkhanza, ali mu mdima ndipo akuopa. Muzimulankhula musanamuyandikire kuti adziwe kuti ndinu.

Ndapempha tchuti, andikaniza. Anamwino awiri adwala, akuti ndidikire Khirisimasi. Ndilibe wina woti andithandize koma inu.

Mundiyankhe tsiku lomwelo mwabwerako kwa dokotala.

Willeke


Eindhoven
27 Okutobala 1996

Willeke,

Ndili bwino, bala linapola. Kalata iyi ndaiyamba katatu. Khala pansi usanapitirize.

Dzulo m'mawa ndinapita kumudzi kuti ndikapepese. Ndisanatsike n'komwe galimoto ndinaona njinga ya Driek itatsamira pa geti, chingwe chake chakale chija chili pa keliyala. Makwerero aja tinkapachikapo nkhumba ikaphedwa atulutsidwa, aimikidwa pa khoma la khola. Kuseli Bep amalira kulira kuja umakudziwa, kwa nkhumba yogwidwa miyendo. Zinali ngati ndabwerera ku umwana.

Bambo anatulukira pa ngodya atanyamula ketulo ya madzi otentha. Atandiona anaima. Ndinati, "Bambo, mukutani?" Akuti, "Si iwe unati ndiitane Driek? Pita ukayendetse matimati ako." Analowa n'kukhoma chitseko.

Ndinazungulira kuseli n'kusuzumira pa mpanda. Akadali moyo, ndinamuona atagona pa udzu akupuma mwabefu, Driek ataima pambali akupukuta manja pa thalauza. Koma modyera mwake muli gwa, mouma ngati simunalowepo kanthu. Iwe ndi ine tinakulira pakhomo lija, tikudziwa nthawi yomwe mlimi amaleka kudyetsa nkhumba. Ndipo Novembala ndi Lachisanu likubwerali. Ndikuganiza kuti Driek anabwera kudzaiyesa kulemera ndi kupangana tsiku.

Mawu aja ndinawanena ndine, sindikukana. Sindinkayembekeza kuti awatola. Mawa ndikunyamuka ulendo wa ku Valencia, ndikhala milungu iwiri. Ndikanatha ndikanamuba, koma ndikamuika kuti, pa nyumba yosanja yachitatu?

Pepa, mlongo wanga.

Sjef


Hammerfest
3 Novembala 1996

Bambo,

Moni sindipereka. Mwezi wathunthu ndadikira yankho lanu, ndadzamva kwa achimwene.

Ndaimbira dokotala wa ku Eindhoven. Akuti palibe Van Gompel amene wafikako, ngakhale kuimba foni. Ndakuimbirani inu kakhumi, foni ikungolira m'nyumba ngati mulibe munthu. Ndiye dokotala munamukana, koma wopha nkhumba munamupeza msanga.

Tsopano ndamvetsa. Kuyambira tsiku lija munamuika dzanja pamsana, simunaone Bep, munaona nyama yosakwana. Ine ndinkati mukumudyetsa chifukwa mwamukonda. Ndinali chitsiru. Munamunenepetsa mpaka kumuchititsa khungu, ndipo poti wawonongeka mukuti mumalize ntchito monga mwa nthawi zonse, pasatayike kanthu. Soseji yake mugawira ndani? Kapena mundisungirako ya pa Khirisimasi?

Amayi atamwalira, inu munatseka pakamwa chaka chathunthu, achimwene anathawira mu lole. Ine amene ankandidikira pakhomo ndikaweruka anali Bep. Munkadziwa zimenezo pomulandira.

Ngati kalatayi yafika mochedwa, musandilembere. Pa Khirisimasi ndidzafikira kwa achimwene, kumanda ndidzapita ndekha, ndipo pakhomo panu sindidzapondanso. Ngati yafika nthawi ikadalipo, musamukhudze. Ndidzamutenga, wakhungu yemweyo.

Willeke


Boekel
10 Novembala 1996

Mwana wanga,

Kalata yako yafika dzulo. Ndaiwerenga katatu. Unati ndisakulembere ngati yachedwa. Siinachedwe, Bep ali moyo, wagona pa mapazi anga pano ndikulemba.

Kwa dokotala wako wa m'tauni sindinapite, n'zoona. Ndinachita manyazi kukaima pakati pa amayi onyamula amphaka ndi nkhumba yomwe ndaiwononga ndekha. Ndinaitana wa kuno, Dokotala Smulders, mtsikana amene analowa m'malo mwa mkulu uja ankabaya nkhumba zathu. Anabwera pa 4 Okutobala, tsiku lotsatira nditalandira kalata yako ija.

Sikelo siinachite dzimbiri, ndinakunamiza. Tinamukwezapo, inaloza 93. Dokotala anakweza chikopa cha pamphumi ndi zala ziwiri, anawalitsa tochi. Kenaka anandiitana kuti ndione ndekha. Mafuta anakankha zikope n'kuzipindira m'kati, ndiye nsidze zonse zikukhula diso nthawi iliyonse akaphethira. Anandifunsa kuti, "A Van Gompel, kamchenga kamodzi kanakulowanipo m'diso?" Ndinati kambirimbiri. Akuti, "Uyu ali ndi mchenga wodzaza dzanja m'maso onse awiri kuyambira Julayi, ndipo alibe chala chochotsera."

Mankhwala enieni ndi opaleshoni, kudula kachikopa ndi mafuta kuti zikope zibwerere kunja. Koma akuti nkhumba yonenepa chonchi ukaigonetsa, kawirikawiri siidzuka. Ayambe watsika thupi. Pakadali pano maso azitsukidwa ndi madzi owiritsa ndi kupakidwa mankhwala katatu pa tsiku, kuti zilonda zisaboole diso.

Kunena n'kosavuta. Bep salola dzanja kufika kumaso, ine anandiluma kawiri. Dokotala sangabwere katatu pa tsiku. M'mudzi muno munthu wodziwa kugwira nkhumba yolusa popanda kuithyola watsala mmodzi. Ndinakwera njinga kupita kwa Driek, chipewa m'manja. Anati, "Ukufuna ndiiphe?" Ndinati ayi, ndikufuna uigwire. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anavala nsapato.

Amaima moitangadza kumbuyo, n'kugwira miyendo yakutsogolo, n'kuinyamula kamodzi kuti ikhale pa matako itatsamira mawondo ake. Ikakhala choncho imalira koma siingathe kuluma, ine n'kumatsuka ndi kupaka. Chingwe amangoyenda nacho mwa chizolowezi, sanachimasulepo. Munthu wa zaka 79, pa njinga katatu pa tsiku, mvula kaya mphepo, lero ndi tsiku la 37. Tsiku loyamba titamaliza, Bep anadzuka n'kumapita. Driek anakhala pansi pa ndowa akupuma, akuti, "Rinus, zaka makumi asanu ndakhala ndikugwetsa nkhumba. Iyi ndi yoyamba kudzukanso."

Makwerero anaona Sjef ndinkachotsera masamba pa denga. Modyera mouma ndi momwe wanenamo iwe kuyambira Epulo, kapu m'mawa, kapu madzulo. Pamenepo ndi pomwe pakundivuta kuposa zonse. Amalira njala kuyambira m'mawa, ndipo makutu anga ogonthawa kulira kumeneko amakumva bwinobwino. Amabwera n'kumandigunda mwendo ndi mphuno. Ine moyo wanga wonse nkhumba ikalira ndimathamangira ndowa, manja amachita kuyabwa. Chakudya changa ndikudyera m'galimoto, mawindo otseka, kuti asamve fungo. Kawiri ndinafika pa chitseko ndi buledi m'manja n'kubwerera.

Sindinakulembere chifukwa ndinkafuna ndidzalembe zinthu zitakonzeka. Sjef sindinamuuze chifukwa cha mtima wanga womwe ukuudziwa. Zolakwa zonsezo ndi zanga. Mawu ako ena ndi oona, ndinamuchititsa khungu ndine. Koma za soseji zija zandipweteka, mwana wanga. Sindinamudyetse kuti ndimudye. Sindidziwa njira ina yosamalira chamoyo, ndi yokhayo ndinaphunzira.

Tsopano tamvera. Watsika kufika pa 86. Dokotala amafuna 75, koma akuti maso sangadikire mpaka pamenepo, lakumanzere layamba kale kuyera. Waika opaleshoni pa 5 Disembala. Wandiuza mosabisa kuti akhoza osadzuka. Tikapanda kuchita, akhala moyo koma maso onse atha, ndipo kuwawa sikudzaleka. Mwini wake ndiwe. Lemba inde kapena ayi, ine ndichita chomwe wanena. Nthawi ino ndichitadi.

Bambo ako,
Rinus


Hammerfest
17 Novembala 1996

Bambo anga,

Inde. Muuzeni dokotala kuti inde.

Kalata yanu ndaiwerengera m'kachipinda kosungira mabulangete kuchipatala, kuti odwala asandione nkhope. Ndikanatha ndikanailanda kalata yanga ija m'manja mwanu n'kuiponya pamoto. Ndinakuweruzani ndi maso a achimwene, amene anangosuzumira pa mpanda. Za soseji zija ndinazilemba dala kuti zikubayeni. Ndikhululukireni.

Ndikuopa, Bambo. Kuno dzuwa latsala pang'ono kusowa, masabata akubwerawa silitulukanso mpaka Januwale, ndipo ndikamayenda mu mdima masanasana ndimangoganiza za iye. Ndagonetsapo anthu onenepa pokonzekera opaleshoni, ndikudziwa chomwe dokotalayo akuopa. Tsiku lakelo asadye chilichonse kuyambira dzulo lake, ngakhale alire bwanji. Mutenge bulangete lake lija lobiriwira kuti akadzuka amve fungo lakwawo.

Achimwene ndawapeza pa foni dzulo. Akuti pa 5 sapita kulikonse, abwera ndi ngolo yokokedwa ndi galimoto kudzamunyamula Bep. Mukawatsegulire chitseko.

A Driek muwapsompsone pa dazi m'malo mwanga, ngakhale akane.

Mukangotuluka kwa dokotala, achimwene andiimbire.

Mwana wanu,
Willeke


Hammerfest
8 Disembala 1996

Bambo,

Achimwene anaimba Lachinayi madzulo ine ndili pa ntchito. Amene anayankha ndi mnzanga wa kuno, ndipo pa kapepala anangolemba mawu awiri, "wadzuka, dikira." Kuyambira pamenepo foni yawo siikuyankhidwa, abwerera pa msewu. Kwa dokotala akuti zotsatira anauza mwini wake amene anabwera naye, iwo sanganene zambiri pa foni kufikira atamuonanso.

Ndidikire chiyani? Akuona kapena sakuona? Musandisungirenso nkhani kuti ikonzeke kaye. Ngakhale ili yoipa ndiuzeni.

Willeke


Boekel
13 Disembala 1996

Willeke mwana wanga,

Ndili bwino, ndipo kalata yako ya pa 8 yandipeza ndili kale ndi cholembera m'manja. Sindinakubisire kanthu. Mpaka lero m'mawa inenso sindinkadziwa.

Sjef anafika nthawi yake ndi ngolo. Sitinakambe za kale, anangondipatsa mbali imodzi ya chitseko cha ngoloyo kuti tinyamulire limodzi. Driek anabwera atavala jekete la kutchalitchi. Ndinamufunsa ngati akupita ku maliro, akuti, "Tseka pakamwa, ndavalira dokotala."

Opaleshoni inatenga maola awiri. Tinakhala pa benchi atatu, pakati pa mayi wa kalulu ndi mwamuna wa galu wothyoka mwendo, ndipo manyazi aja sindinawamvenso. Dokotala atatuluka anati kusoka kwayenda bwino koma Bep sakudzuka, mpweya ukuchepa. Anandilola kulowa. Anali atagona pa tebulo lachitsulo, nkhope yonse ulusi, lilime lili panja lotuwa. Ndinamufunditsa bulangete lako. Sindinadziwe chochita china, ndiye ndinayamba kumuitana mmene ndimaitanira pa nthawi ya chakudya, kugogoda kapu ndi chala. Ndinagogoda mphindi makumi anayi. Dokotala anali atayamba kuyang'ana pansi pomwe khutu linagwedezeka. Kenaka anadzuma mokwiya ngati ndamudzutsa pa tulo tabwino. Kunja ndinamva Driek akumina mwamphamvu, akuti kunali fumbi.

Masiku asanu ndi awiri otsatira nkhope inatupa ngati buledi, maso osaoneka n'komwe. N'chifukwa chake Sjef anati udikire. Dokotala naye anati sanganene kanthu kutupa kusanaphwe.

Lero m'mawa wabwera kudzaona. Kutupa kwatsika, zikope zakhala m'malo mwake, nsidze zaloza kunja. Ndikuuza monga unapemphera, mosazungulira. Diso lakumanzere latha. Ndi loyera ngati mkaka, silidzaonanso, koma akuti silikumupwetekanso. Lakumanja lili ndi kachipsera kakang'ono m'mbali, koma pakati pake ndi pabwinobwino.

Sindinakhulupirire tochi ya dokotala. Atapita ndinamutulutsa Bep pabwalo. Ndinaima patali, mphepo ikuchokera kwa iye kubwera kwa ine kuti asandinunkhize, osalankhula, osasuntha phazi. Ndinangokweza chipewa m'mwamba pang'onopang'ono. Anatukula mutu n'kuchitsatira. Ndinachipititsa kumbali, mutu unapita komweko. Kenaka anabwera, anailambalala wilibala bwinobwino, n'kudzaima patsogolo panga atapendeketsa mutu, akundiyang'ana ndi diso limodzilo. Ndi lofiirira, Willeke. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa, munthu wamkulu ine, ndipo ndinalira.

Akulemera 81. Ulendo ukadali wautali, dokotala akuti mpaka chilimwe, ndipo kapu ndi imodzi yomweyo. Driek sakufunikanso kumugwira, mankhwala akulola ndimupake ndekha. Koma akubwerabe katatu pa tsiku, akuti njinga yazolowera njira.

Sjef akakutenga ku bwalo la ndege pa 22. Unati udzamutenga Bep. Ndi wako, ukafuna kumupezera pena sindikuletsa, ndinataya ufulu wolankhulapo. Chipinda chako ndakonza, ngati ungafune kugona kuno.

Chimodzi chokha ndikupemphe. Ukadzatsika galimoto usadzamuthamangire mmene umachitira. Udzazungulire, umufikire kudzanja lake lamanja, kuti akuone ukubwera. Kumanzereko sadzakuona, adzangodzidzimuka. Mbali imeneyo ndi ntchito ya manja anga, ndipo ndidzaiyang'ana tsiku lililonse lomwe ungandilole kukhala naye.

Bambo ako,
Rinus